Core imodzi ili pa 100% enawo ali phee: kodi vuto ndi ma persistent connection?

Uthenga omwe ndalandira ndi uwu, ndaufupikitsako pang'ono:

"Moni akuluakulu. Ndimayang'anira webusayiti ina yoyenda pa Apache ndi PHP, database yake ndi PostgreSQL pa Linux, ili pa seva yakeyake ya ma core 8 ndi RAM ya 32GB. Chaka chatha tinasiya pg_connect nkuyamba pg_pconnect kuti ma connection asamatsekedwe, ndipo zinthu zinafulumirako ndithu. Koma pano anthu akachuluka masamba akumachedwa kutseguka, ndikayang'ana htop ndimapeza core imodzi ili pa 100% enawo akungokhala. Nthawi zina imabweretsanso uthenga oti too many clients already. Mnzanga akuti ma persistent connection amakakamira pa purosesa yomwe anayambira, nde ndiwagawe pamanja ndi taskset, apo ayi tigule seva ina. Zoona zimenezi? Ndagwira njakata."

Achimwene, khazikani mtima pansi kaye, seva yanuyo sinaonongeke ndipo ndikukayika kwambiri ngati mukufunika kugula ina. Mwachita bwino kufunsa musanagwire taskset, chida cha Linux chomangirira process pa core yomwe mwasankha, chifukwa ndaonapo anthu akuzimangirira okha ndi chida chimenechi nkumadabwa kuti bwanji zinthu zaipiraipira. Zomwe mwafotokozazi ndakumana nazo kambirimbiri pa ntchitoyi, ndipo pafupifupi nthawi zonse pamakhala mavuto awiri osiyana omwe amangoonekera limodzi. Limodzi ndi la core yotentha ija, lina ndi la kuchuluka kwa ma connection. Mnzanuyo wawaphatikiza kukhala vuto limodzi, nkona mankhwala akewo sangagwire.

Tiyambe ndi mmene PostgreSQL imagwirira ntchito. Munthu akalumikiza, process yaikulu yomwe timaitcha postmaster imabereka process ina yatsopano, backend, ndipo backend imeneyi imatumikira connection imodzi yokhayo mpaka itatsekedwa. Ma connection 90 ndi ma process 90, basi. Tsopano oganiza kuti process iti ikhale pa core iti si PostgreSQL ayi, komanso si PHP, ndi scheduler ya Linux, gawo la kernel logawa ntchito pa ma core. Kwa zaka zambiri inali CFS, yomwe inalowa mu kernel 2.6.23 mu 2007, ndipo kuyambira kernel 6.6 mu 2023 kunabwera EEVDF, koma pa nkhani yathuyi onsewa amachita chimodzimodzi: backend ikagona kudikira query sidya purosesa olo pang'ono, ikadzuka scheduler imaipezera core yomwe ili ndi mpata. Zoona imakonda kuibwezera pa core yomwe inali poyamba chifukwa cache ya pamenepo imakhala idakali ndi zinthu zake, koma kukonda sikukakamira, core imeneyo ikakhala yotanganidwa pomwe ina ili chabe, process imasamutsidwa nthawi yomweyo. Connection itha kukhala yotsegula sabata yathunthu nkuyenda ma core onse 8 kambirimbiri. Nde zoti persistent connection imamangirira ntchito pa purosesa imodzi si zoona. Mukagwiritsa taskset ndi pomwe mumangiriredi, mukhala mukulanda scheduler ufulu osamutsa ntchito, ndipo tsiku lomwe ma backend atatu olemera adzapezeke pa core imodzi yomwe munawaikapo, adzapanikizana pomwepo ma core ena ali mbali kuonerera.

Nanga core imodzi ikutenthelanji yokha? Chifukwa pali process imodzi yomwe ikugwira ntchito yolemera, ndipo process ya thread imodzi ngati backend singakhale pa ma core awiri nthawi imodzi. Funso lofunika ndi loti process yake ndi iti, ndipo ikutani. Apa musaganizire, yang'anani. Nthawi yomwe zavuta tsegulani top, onani PID, nambala ya process, yomwe ili pamwamba, kenako mu psql, pulogalamu yolembera malamulo ku PostgreSQL, lembani select pid, state, wait_event_type, wait_event, query_start, query from pg_stat_activity where state <> 'idle' order by query_start. Ndipo mufanizire PID ija. Mupeza dzina la wolakwa pompo. Mwina ndi query ya lipoti yomwe ikuwerenga tebulo lonse, mwina ndi pg_dump yopanga backup yomwe wina anaika pa cron kuti iziyenda yokha masana, mwina ndi autovacuum, yochotsa ma row akufa, ikusesa tebulo lalikulu. Pa windo lina yendetsani mpstat -P ALL 2 kuti muone mtundu wa kutanganidwako. Ikakhala %usr ndiye ndi kuwerengera kwa query. Ikakhala %iowait ndiye purosesayo sikugwira ntchito kwenikweni, ikudikira disiki. Ikakhala %soft yokwera pa core imodzi yokha, kawirikawiri core 0, ndiye kuti ma interrupt a netiweki onse akugwera pamenepo ndipo muone ngati irqbalance ikuyenda, zimenezo si za database nkomwe.

Koma pali funso lina lomwe anthu ambiri amalidumpha, ndipo ine ndi lomwe limandipatsa chidwi kwambiri. Ngati core imodzi yokha ndiyo yatanganidwa, ma core 7 ali omasuka, bwanji masamba onse akuchedwa? Query imodzi yolemera payokha siyenera kuchedwetsa anzake, iwo akanangodutsa pa ma core enawo. Akachedwa onse ndiye kuti akudikira chinachake chomwe mmodzi uja wagwira. Nthawi zambiri ndi lock, loko yomwe query imaika pa row kapena tebulo kuti ena adikire mpaka itamaliza. Nthawi zina ndi disiki yomwe query yolemera ija yaidzaza. Kapena malo a ma connection atha ndipo atsopano akukanidwa pakhomo. Ma core ogonawo si umboni oti ntchito yagawidwa molakwika, ndi umboni oti ma backend enawo ali pa mzere.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona pa kampani ina yomwe ndinaitanidwa kukathandiza. Iwonso anali atalemba kale pempho logula seva yaikulu. Tinakhala pansi ndi mnyamata wawo wa ma seva nthawi yomwe anthu amachuluka, maso pa pg_stat_activity, tikuyendetsa query ija masekondi angapo alionse. Mzere umodzi unali active, enawo pafupifupi 40 wait_event_type yawo inali Lock, onse akufuna kusintha row imodzimodzi. Tinafunsa pg_blocking_pids ndipo zala zonse zinaloza PID imodzi. Titatsegula khodi tinapeza kuti tsamba lililonse likatsegulidwa limayamba transaction, limaonjezera 1 pa kauntala ya alendo yomwe inali row imodzi mu tebulo lina, kenako lisanapange COMMIT yotseka transaction limayendetsa count pa tebulo la mamiliyoni a ma row popanda index. Nde aliyense amagwira row ija, nkumawerenga tebulo lonse ali chigwirire, anzake onse akudikira kumbuyo. Mmodzi mmodzi, ngati pa chitseko chopapatiza. Pa htop zimaoneka ndendende ngati zanuzi, core imodzi yofiira enawo phee. Tinachotsa kauntala mu transaction, tinaika index ndi CREATE INDEX CONCURRENTLY kuti tebulo lisatsekeke pomanga, ndipo madzulo omwewo timizere ta htop tinayamba kugwedezeka tonse pamodzi, palibe kofika olo theka. Mnyamata uja anangoti kukamwa yasa. Seva sinagulidwe.

Chinanso choti muyang'ane pa mndandanda omwewo ndi state yolembedwa idle in transaction. Imeneyi ndi connection yomwe inayamba BEGIN, yagwira ma lock ake, koma panopa sikuchita kanthu chifukwa PHP yapita kukatumiza imelo kapena kukafunsa seva ina ya kunja ndipo ikudikira yankho. Ndi yoopsa chifukwa sidya purosesa nde pa htop simuiona, koma ikutsekereza anzake komanso ikulepheretsa vacuum kuchotsa ma row akufa. Kuyambira PostgreSQL 9.6 pali idle_in_transaction_session_timeout yomwe imadula connection yotere ikapitirira nthawi yomwe mwaika. Ikani, koma mukonzenso khodiyo, ntchito yodikira zakunja isamakhale mkati mwa transaction. Ndipo chonde, mukapeza backend yovuta musaiphe ndi kill -9. Postmaster ikaona mwana wake wafa mwadzidzidzi choncho imadula ma connection onse nkuyamba recovery poopa kuti shared memory yaonongeka. Gwiritsani pg_cancel_backend, ikakana ndiye pg_terminate_backend.

Tsopano vuto lachiwiri, la too many clients, ndipo apa pokha ndi pomwe pg_pconnect ili ndi mlandu. Anthu ambiri amaganiza kuti pconnect ndi pool, kuti pali nkhokwe imodzi ya ma connection yomwe aliyense amabwerekako nkubweza. Si choncho. Pa Apache ya prefork yokhala ndi mod_php, process iliyonse ya Apache imasunga connection yakeyake ndipo singabwereke mnzake. Werengani nokha: MaxRequestWorkers ya prefork, malire a ma process a Apache otumikira anthu, mukapanda kuisintha ndi 256, pomwe max_connections, malire a ma connection a PostgreSQL, imabwera ili 100, ndipo 3 mwa amenewo ndi osungira superuser, otsala 97. Anthu akachuluka Apache imabereka ana ambiri, mwana aliyense akangoyendetsapo PHP kamodzi watenga connection ndipo saisiya, olo kenako akhale akungotumiza zithunzi ndi CSS kapena akungodikira ndi KeepAlive. Wa nambala 98 akamabwera wapeza malo atha. Komanso PHP imasunga connection payokha pa connection string iliyonse, nde ngati pulogalamu yanu imalumikiza ndi ma user awiri kapena ma database awiri, mwana aliyense ali ndi awiri. Mukaonjezera web server yachiwiri, chulukitsaninso kawiri. Pa PHP-FPM nkhani ndi yomweyi, kungoti nambala yoyang'ana ndi pm.max_children. Mukawerenga ma state mu pg_stat_activity mudzapeza kuti ambiri mwa 97 aja ndi idle, angokhala pa mpando osagwira ntchito.

Apa mtima umathamangira kukweza max_connections kufika 500 kapena 1000. Ine sindilimbikitsa. Uthenga uja usiya kubwera inde, koma mwangosuntha vuto kulipititsa mkati. Backend iliyonse imadya RAM yake, ndipo work_mem, RAM yomwe query imaloledwa kugwiritsa posanja data, si ya seva yonse, ndi ya sort kapena hash iliyonse mu query iliyonse. Imabwera ili 4MB, koma ambiri amaikweza. Tinene kuti munaika 64MB ndipo ma connection 300 apanga sort imodzi imodzi nthawi imodzi, imeneyo ndi 19200MB, pafupifupi 19GB pa 32GB yanu ija, tisanawerengere shared_buffers ndi cache ya Linux. Ndipo ma core ndi 8 basi. Ma query 300 akadzuka pamodzi sathamanga 300, amathamanga 8, enawo akulandana purosesa, kusinthanasinthana, kutayitsana cache, kukanganirana ma lock amkati. Ntchito yomwe imatha pa sekondi imatsika mmalo mokwera. Ichi ndi chomwe anthu amavutika kuchikhulupirira mpaka atachiona ndi maso: ma connection ochepa otanganidwa amamaliza ntchito yambiri kuposa ochuluka opanikizana. Pali kawerengedwe kakale komwe anthu a PostgreSQL amayambira, ma core kuchulukitsa kawiri nkuonjezerapo chiwerengero cha ma disiki ogwira ntchito. Kwa inu zikubwera cha mma 16 mpaka 20. Si lamulo, ndi poyambira poyesera, koma onani kutalikirana kwake ndi 256.

Nde chomwe ndingachite nditakhala pa mpando wanuwo ndi kuika PgBouncer pakati. Ndi kapulogalamu kopepuka, kamamvetsera pa port 6432, PHP imalumikiza kwa iko ngati kuti ndi database yeniyeni, ndipo iko kamasunga ma connection enieni ochepa opita ku PostgreSQL nkumawabwereketsa. Kali ndi njira zitatu, session, transaction ndi statement. Ya session sikuthandizani kwenikweni ngati mupitiriza pconnect, chifukwa mwana wa Apache adzagwirabe connection yeniyeni mpaka kale. Yomwe mukufuna ndi transaction: connection yeniyeni imabwerekedwa pa BEGIN, imabwezedwa pa COMMIT, nde ana 256 a Apache atha kugawana ma backend 20 bwinobwino. Ikani pool_mode = transaction, default_pool_size yomwe imabwera ili 20 isiyeni choncho poyamba, ndipo max_client_conn yomwe imabwera ili 100 muikweze ipose chiwerengero cha ma worker anu onse. Anthu akachuluka kuposa pool, amadikira pa mzere mwa PgBouncer timagawo tochepa ta sekondi mmalo mokanidwa, ndipo scheduler ikhala ndi ma process ochepa oti igawe pa ma core 8 aja, ntchito yomwe imaidziwa bwino.

Koma transaction pooling ili ndi minga yake ndipo sindikufuna mudzandinene kuti sindinakuuzeni. Poti transaction iliyonse itha kugwera pa backend ina, chilichonse chodalira session chimasokonekera: SET wamba monga search_path kapena timezone, LISTEN, ma advisory lock a session, ma temporary table okhalitsa kupitirira COMMIT. SET yomwe tsamba lina lapanga itha kutsalira pa backend nkukakumana ndi munthu wina, ndipo zolakwika zotere nzovuta kuzisaka chifukwa zimabwera mwa apo ndi apo. Mkati mwa transaction gwiritsani SET LOCAL. Ma prepared statement anali mutu waukulu kwa zaka zambiri, PgBouncer inayamba kuwathandiza mu transaction mode kuyambira 1.21 mu 2023 kudzera pa max_prepared_statements, nde onani version yomwe muli nayo komanso yesani ndi driver yanu musanakhulupirire. Fufuzani khodi yonse kaye, yesani pa seva yoyeserera. Dziwaninso kuti PgBouncer imayenda pa thread imodzi, ndiye pa katundu wamkulu kwambiri iyonso itha kudzadza core imodzi, ndipo pamenepo mumayendetsa angapo pa port imodzi ndi so_reuseport. Pa kukula kwa webusayiti yanu sindikuganiza kuti mufikako msanga.

Ngati PgBouncer simungaiike sabata ino, pali zochepetsera ululu. Tsitsani MaxRequestWorkers igwirizane ndi malo omwe database ili nawo, zithunzi ndi mafayilo ena osasintha azitumizidwa ndi Nginx kapena Apache ya event yokhala ndi PHP-FPM kumbuyo kuti ogwira connection akhale okhawo oyendetsa PHP, ndipo ikani MaxConnectionsPerChild kapena pm.max_requests kuti ma worker azifa nkubadwanso, connection yakale izitsekedwa nawo. Kubwerera ku pg_connect wamba nakonso si tchimo. Mtengo wake ndi fork, kutsimikizira password ndi TLS pa tsamba lililonse, zomwe munaona kuti zimachedwetsako, koma nthawi zina bola zimenezo kusiyana ndi kukana anthu pakhomo. Kwa omwe ali pa MySQL, nkhani ndi yofanana kungoti kumeneko connection iliyonse ndi thread osati process, max_connections imabwera ili 151, ndipo wait_timeout ndi masekondi 28800, maola 8 athunthu connection yogona isanadulidwe.

Mwina mufunsa za parallel query, poti PostgreSQL kuyambira 9.6 mu 2016 imatha kugawa query imodzi pa ma core angapo. Imathadi, ndipo max_parallel_workers_per_gather pa ma version a masiku ano imabwera ili 2. Koma izi zimathandiza ma query akuluakulu owerenga, monga malipoti osesa tebulo lalikulu. Ma query ang'onoang'ono a webusayiti sapindula, ndipo query yosowa index mukaipatsa ma worker ambiri mwangoipatsa mphamvu zoonongera ma core atatu mmalo mwa imodzi. Konzani query kaye. Yatsani pg_stat_statements, yomwe imasunga nthawi yomwe query iliyonse ikudya, imafuna kuikidwa mu shared_preload_libraries ndi restart kamodzi, isiyeni itole kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako sanjani ndi nthawi yonse yomwe query iliyonse yadya. Musadabwe kupeza kuti pamwamba si query yochedwa kwambiri ija, koma kena kooneka kosalakwa komwe kakuitanidwa maulendo osawerengeka. Atatu apamwambawo apangeni EXPLAIN ANALYZE, pa seva yoyeserera ngati ndi osintha zinthu chifukwa ANALYZE imayendetsadi query. Mukaona Seq Scan, kuwerenga tebulo lonse mzere ndi mzere, pa tebulo lalikulu pofuna ma row ochepa, mwapeza poyambira. log_min_duration_statement, yolemba ma query ochedwa mu log, nayonso ndi yothandiza ndipo imangofuna reload.

Ndisamuphere ufulu mnzanu uja, pali malo amodzi omwe maganizo ake ndi oona, kungoti si pakati pa ma core, ndi pakati pa ma seva. Tsiku lomwe mudzaike ma replica owerengera, ma seva ena osunga kope ya database, kudzera pa streaming replication, yomwe ilipo kuyambira 9.0 mu 2010, nkuika HAProxy, yogawa ma connection pakati pa ma seva, patsogolo, dziwani kuti HAProxy imasankha seva pa nthawi yolumikiza yokha. Connection ikatsegulidwa imakhala komweko. Nde mukaonjezera replica yatsopano, kapena ina ikagwa nkudzukanso, ma persistent connection onse amakhala adakali pa zakale, yatsopanoyo ili mbuu. Pamenepo pamafunika kuti ma connection azikhala ndi moyo wa malire, monga server_lifetime ya PgBouncer yomwe imabwera ili masekondi 3600, kuti pang'onopang'ono azigawikanso. Komanso replica imangothandiza kuwerenga, kulemba konse kumapitabe ku seva imodzi, ndipo imatha kutsalira mmbuyo pang'ono, munthu nkusintha chinthu kenako osachiona pa tsamba lotsatira. Vuto la lock ngati la kauntala lija replica singalithetse olo mutagula khumi. Za kumangirira pa purosesa zimakhala ndi tanthauzo pa ma seva a ma socket awiri kapena kuposa, pomwe NUMA imapangitsa kuti RAM ina ikhale kutali ndi purosesa ina. Lembani lscpu, mukaona NUMA node imodzi yokha iwalani zimenezo.

Pomwe ndingakuuzeni kuti itanani munthu odziwa PostgreSQL mozama adzaone ndi maso ndi apa: ngati mwaika pool ndi ma index koma wait_event ikuonetsabe LWLock yambirimbiri, ngati %sys ikukwera kuposa %usr, ngati iowait sikutsika olo ma query akonzedwa, ngati mu dmesg mukuona OOM killer, yomwe imapha ma process RAM ikatha, ikupha postgres, kapena ngati mwafika poika replication ndi failover koyamba pa data ya anthu. Zimenezi si zophunzirira pa seva yamoyo. Ndipo musanasinthe chilichonse onetsetsani kuti backup ilipo ndipo munaiyesapo kuibwezeretsa, kenako muzisintha chinthu chimodzi nkuyeza, chimodzi nkuyeza, kuti mudziwe chomwe chathandiza.

Nde achimwene, taskset isiyeni kaye. Nthawi yomwe anthu achulukenso, tengani zotsatira za pg_stat_activity ija katatu kapena kanayi motalikirana masekondi 10, mpstat ya mphindi imodzi, nambala ya MaxRequestWorkers ndi max_connections, komanso version ya PostgreSQL yanu. Fufutani ma password ndi data ya anthu yomwe ingaoneke mu ma query, nkunditumizira, tidzayang'ane limodzi kuti PID yomwe ikugwira anzakeyo ndi iti.